Kapumidwe ka Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane: M'mene Anamwino Amayezera Kukula kwa Vuto

Nkhani ya zaumoyo ya sabata ino ndi ya mwana wobadwa masiku ake asanakwane, makamaka kapumidwe kake. Omvera ambiri, kuyambira ku Chitipa kukafika ku Nsanje, adamuonapo mwana wotere: wochepa thupi, wakhungu lopyapyala, wolira motsitsa mawu. Mwa zovuta zonse zimene mwanayu amakumana nazo m'masiku ake oyamba, kubanika ndiko kumakula msanga koposa. Mwana amene m'mawa amaoneka kuti akupuma bwino angathe kukhala pakati pa moyo ndi imfa dzuwa lisanapendeke. N'chifukwa chake anamwino ndi madokotala sakhutira ndi mawu akuti "mwana akubanika". Iwo amafuna kudziwa kuti akubanika kwambiri motani, ndiponso ngati vutolo likukula kapena likuchepa, pakuti yankho la mafunso awiriwa ndilo limalamula chithandizo.

Mimba yokhwima imatenga masabata pafupifupi 40. Mwana wobadwa masabata 37 asanakwane ndiye amene achipatala amati wabadwa masiku asanakwane. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 ana otere adabadwa okwana 13.4 miliyoni, kutanthauza mwana mmodzi mwa ana 10 alionse. Lipoti lina la bungwe lomweli ndi mabungwe anzake, limene lidatuluka mu 2012, lidaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa ana 100 alionse obadwa amoyo. Tsono nkhaniyi si yachilendo pa mudzi uliwonse wa dziko lino.

Chimene chimabanikitsa mwanayu

M'mapapo a munthu muli timatumba ta mpweya tochuluka zedi, tating'ono kwambiri kotero kuti maso paokha sangatione. Munthu akakoka mpweya timatumbati timafufuma, ndipo akautulutsa timaphwa koma sititsekeka. Chimene chimatiteteza kuti tisamatane ndi madzi ena oterera, okhala ngati a sopo, amene mapapo eni ake amapanga. Achipatala amawatcha surfactant. Aliyense amene adayesapo kutsekula kathumba ka pulasitiki konyowa m'kati akudziwa m'mene mbali zake zimakakamirana. Umo ndi m'mene amakhalira mapapo opanda madzi otererawa.

Mwana ali m'mimba amayamba kupanga madzi amenewa mochedwa, ndipo kawirikawiri sakhala okwanira mpaka mimba itafika masabata 34 kapena 35. Akabadwa nthawiyi isanakwane, timatumba take timamatana nthawi iliyonse akatulutsa mpweya, ndipo kuti atitsekulenso amayenera kukoka ndi mphamvu zake zonse. Chinsinsi chimenechi adachitulukira mu 1959 ndi Mary Ellen Avery ndi Jere Mead, akatswiri a ku Harvard mu mzinda wa Boston ku America.

Pali zinanso ziwiri zowonjezera vutoli. Choyamba, nthiti za mwana wosakwana masiku n'zofewa ngati bango laliwisi, motero akakoka mpweya mwamphamvu chifuwa chimaloboka m'malo mofutukuka. Chachiwiri, mbali ya ubongo yolamula kupuma imakhala isanakhwime, kotero kuti nthawi zina mwana amaleka kupuma ngati waiwala. Kuzizidwa, chibayo, matenda olowa m'magazi ndi kuchepa kwa shuga m'thupi zingathenso kubanikitsa mwana, kapena kukulitsa kubanika kumene kudalipo kale.

Matendawa sasankha banja. Pa 7 Ogasiti 1963, mkazi wa John F. Kennedy, yemwe adali mtsogoleri wa dziko la America, adabereka mwana wamwamuna, Patrick, kutatsala masabata oposa 5 kuti masiku akwane. Madokotala odziwika a ku Boston adayesetsa, koma mwanayo adamwalira pa 9 Ogasiti atakhala ndi moyo maola 39 okha. Imfa imeneyi idalimbikitsa akatswiri ambiri kufufuza chithandizo cha matendawa, ndipo masiku ano mwana wobadwa pa msinkhu wa Patrick kawirikawiri amachira akalandira chisamaliro choyenera.

Kuwerenga mpweya

Kuyeza kumayamba ndi maso ndi wotchi. Namwino amavundukula chifuwa ndi mimba ya mwana, pamalo otentha bwino, mwanayo ali phee osalira, ndipo amawerenga m'mene mimba ikukwerera kwa mphindi yathunthu. Sawerenga theka la mphindi n'kuchulukitsa kawiri, chifukwa khanda silipuma mofanana: limathamanga, n'kupumula pang'ono, n'kuthamanganso. Khanda labwino limapuma pakati pa ka 30 ndi ka 60 pa mphindi. Chiwerengero chikafika 60 kapena kupitirira, namwino amawerenganso kachiwiri, ndipo chikabwerera chomwecho amadziwa kuti mwana akupuma mothamanga. Kupuma kochepera ka 30, kapena kupuma kobwera patalipatali mochita kutsekula kukamwa, n'koopsa koposa, pakuti kumasonyeza kuti mwana watsala pang'ono kulephereratu.

Koma chiwerengero cha mpweya pachokha sichinena zonse. Ana awiri angathe kupuma ka 70 pa mphindi, wina mosavutika kwenikweni, wina akulimbana ndi thupi lonse. Pafunika njira yoyezera kulimbanako.

Zizindikiro zisanu za Silverman ndi Andersen

Mu 1956 madokotala awiri a mu mzinda wa New York, William Silverman ndi Dorothy Andersen, adafuna kudziwa ngati nthunzi ya madzi, imene masiku amenewo ankaipopera m'mabokosi ogonekamo makanda, imathandizadi ana obanika. Kuti ayerekeze ana mwachilungamo adafunikira muyeso woti namwino aliyense awerenge mofanana ndi mnzake. Adasankha zizindikiro zisanu, ndipo chizindikiro chilichonse adachipatsa 0, 1 kapena 2. Nthunziyo idapezeka kuti sithandiza, koma muyeso wawo udakhalitsa, ndipo mpaka lero ukugwira ntchito m'zipatala za maiko ambiri. Ubwino wake ndi wakuti sufuna magetsi kapena makina. Ufuna maso, makutu ndi kudekha, monga amanenera akuluakulu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chizindikiro choyamba ndi kayendedwe ka chifuwa ndi mimba. Mwana wabwino akakoka mpweya, chifuwa ndi mimba zimakwera pamodzi, ndipo apa namwino amalemba 0. Ngati mimba ikukwera koma chifuwa chikutsalira m'mbuyo, amalemba 1. Ngati mimba ikukwera chifuwa chikutsika, monga amayi awiri osinja mu mtondo umodzi, musi wina ukakwera wina ukutsika, amalemba 2.

Chachiwiri ndi kulowa kwa khungu pakati pa nthiti za m'munsi. Ngati palibe, ndi 0. Ngati kukuoneka pang'ono, moti munthu achite kuyang'anitsitsa, ndi 1. Ngati nthiti zikuonekera moti n'kuziwerenga nthawi iliyonse mwana akakoka mpweya, ndi 2.

Chachitatu ndi kadzenje kamene kamaoneka kumunsi kwa fupa la pakati pa chifuwa, pamene nthiti za kumanja ndi za kumanzere zimakumanirana pamwamba pa mimba. Kulembera kwake n'chimodzimodzi: 0 ngati palibe, 1 ngati n'kosaya, 2 ngati n'kozama.

Chachinayi ndi mphuno. Khanda limapuma kwambiri ndi mphuno, ndipo likavutika limatambasula mphunozo kuti mpweya ulowe mosavuta. Mphuno zokhazikika ndi 0, zotambasuka pang'ono ndi 1, zotambasuka kwambiri ndi 2.

Chachisanu ndi kubuula potulutsa mpweya. Uku si kulira ayi. Mwana amatseka pang'ono pakhosi pake potulutsa mpweya, kuti wina utsalire m'mapapo ndipo timatumba tija tisamatane. Kamawu kamene kamamveka ndi chizindikiro chakuti thupi likudzithandiza lokha. Ngati sikukumveka, ndi 0. Ngati kukumveka pokhapokha namwino ataika pachifuwa chipangizo chomvetsera, ndi 1. Ngati munthu woima pambali pa bedi akukumva ndi makutu okha, ndi 2.

Namwino amaphatikiza manambala asanuwa, ndipo zotsatira zake zimakhala pakati pa 0 ndi 10. Mwana wopeza 0 alibe vuto la kupuma. Kuyambira 1 mpaka 3 vutolo n'laling'ono, kuyambira 4 mpaka 6 n'lalikulu ndithu, ndipo 7 kapena kupitirira apo zimasonyeza kuti mwana ali pafupi kulephera kupuma.

Chitsanzo chingathandize. Tiyerekeze mwana wobadwa pa masabata 32 pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Patapita ola limodzi, mzamba akupeza kuti chifuwa chikutsalira pang'ono, apo 1. Pakati pa nthiti pakulowa pang'ono, apo 1. Kadzenje ka pansi pa chifuwa palibe, apo 0. Mphuno zikutambasuka pang'ono, apo 1. Kubuula sikukumveka, apo 0. Zonse pamodzi ndi 3. Patapita maola ena awiri, mimba ndi chifuwa zikusinthana, apo 2; nthiti zikuonekera, apo 2; kadzenje kayamba, apo 1; mphuno zili monga poyamba, apo 1; kubuula kukumveka ndi chipangizo chomvetsera, apo 1. Tsopano ndi 7. Mzamba akaimbira foni ku chipatala cha boma, safunika kufotokoza zambiri. Akangonena kuti mwana wachoka pa 3 kufika pa 7 m'maola awiri, dokotala wa kutali amadziwa kuti galimoto iyenera kunyamuka nthawi yomweyo ndipo bedi ndi makina zikonzedwe.

Apa ndi pamene pagona phindu la muyesowu. Nambala imodzi imanena za mphindi imodzi chabe, koma manambala olembedwa motsatizana pamodzi ndi nthawi yake amasonyeza kumene mwana akulowera. Kubanika kobwera chifukwa chosowa surfactant kumayamba mwana atangobadwa kapena m'maola ochepa oyamba, ndipo pakapanda chithandizo kumakula kwa masiku awiri kapena atatu. Choncho kuyeza kamodzi kokha sikukwanira. Namwino wa usiku akalandira pepala kwa namwino wa masana, onse awiri amakhala akulankhula chinthu chimodzi.

Omvera ena adamvapo za muyeso wina wotchedwa Apgar, umene Virginia Apgar adaufalitsa mu 1953, ndipo azamba amaulemba pa mphindi yoyamba ndi yachisanu mwana atabadwa. Miyeso iwiriyi siyenera kusokonezedwa. Pa Apgar nambala yaikulu ndi yabwino, ndipo 10 ndi mwana wamphamvu. Pa muyeso wa Silverman ndi Andersen nambala yaikulu ndi yoipa, ndipo mwana wabwino ndi wa 0. Palinso muyeso wachitatu, wa John Downes wa ku Philadelphia, wa chaka cha 1970. Uwu umaphatikiza liwiro la kupuma, mtundu wa khungu, kalowedwe ka mpweya m'mapapo, kubuula ndi kulowa kwa chifuwa, ndipo nawonso umathera pa 10, nambala yaikulu ikusonyeza vuto lalikulu.

Pamene nambala inganamize

Muyeso wa Silverman ndi Andersen umayeza mphamvu zimene mwana akugwiritsa ntchito polimbana. Tsono mwana akatopa kotheratu amaleka kulimbanako. Kubuula kumazilala, mphuno zimakhazikika, chifuwa sichilowanso kwambiri, ndipo nambala imatsika. Munthu wosazolowera angathe kunena kuti mwana wapeza bwino ndipo wagona, pamene kwenikweni ali pa ngozi yaikulu kuposa kale. N'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Namwino wodziwa ntchito, nambala ikatsika, amayang'ananso zina: ngati mwana akugwedeza manja ndi miyendo kapena walefuka, ngati mtima ukugunda koposa ka 100 pa mphindi, ndiponso ngati pali nthawi zimene akuleka kupuma. Kuleka kupuma kwa masekondi 20 kapena kupitirira, kapenanso kwa nthawi yochepa koma mtima n'kutsika ndi mtundu n'kusintha, ndi ngozi yofuna chithandizo pompopompo.

Mtundu wa mwana nawonso uyenera kuonedwa pamalo oyenera. Manja ndi mapazi a khanda angathe kuoneka obiriwira pang'ono tsiku loyamba popanda vuto lililonse. Koyenera kuyang'ana ndi lilime, nkhama ndi m'kati mwa milomo. Malo amenewa akasiya kufiira n'kukhala otuwa kapena obiriwira, ndiye kuti magazi akusowa okosijeni. Pa mwana wakhungu lakuda kusintha kumeneku kumavuta kuona pakhungu, makamaka usiku kapena m'chipinda chosawala bwino, ndipo maso amakuzindikira mochedwa.

Pa chifukwa chimenechi zipatala zimagwiritsa ntchito kachipangizo kounikira, kamene amamanga ku dzanja kapena ku phazi la mwana, ndipo kamasonyeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Kwa mwana wosakwana masiku amene akulandira okosijeni, achipatala amafuna kuti nambalayo ikhale pakati pa 90 ndi 95 pa 100. Ikatsika, ubongo ndi ziwalo zina zimavulala. Ikakwera kopitirira kwa nthawi yaitali, maso amaonongeka. Phunziro limeneli lidabwera mowawa. M'zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, zipatala za ku America ndi ku Ulaya zinkapereka okosijeni wambiri kwa makanda mopanda muyeso, ndipo ana zikwizikwi adachita khungu. Choncho okosijeni ndi mankhwala oyenera kuyezedwa, ndipo wachibale wodikirira wodwala sayenera kukhudza makina kuti awonjezere mpweya poganiza kuti akuthandiza.

Chithandizo chotsatira muyeso

Mwana wa vuto laling'ono amafundidwa, amayang'aniridwa pafupipafupi, ndipo amapatsidwa okosijeni ngati kachipangizo kaja kasonyeza kuti akufunika. Mwana wopuma mothamanga kwambiri sayamwitsidwa kukamwa, chifukwa sangathe kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi, ndipo mkaka ungalowe m'mapapo. M'malo mwake mkaka wa mayi wofinyidwa umadutsa m'kapaipi kopita m'mimba, kapena mwana amalandira madzi a m'mitsempha. Ngati pali chikaiko cha matenda a m'magazi amapatsidwa mankhwala opha tizilombo, ndipo mwana woleka-leka kupuma amapatsidwa mankhwala odzutsa mbali ya ubongo yolamula kupuma.

Vuto likakula, okosijeni yekha sakwanira, pakuti sangalowe m'timatumba totsekeka. Pamenepo pamafunika makina otchedwa CPAP, amene amakankha mpweya mofatsa kudzera m'mphuno nthawi zonse, kuti timatumbato tikhale totsekuka. Makinawa amachita ntchito imene mwana ankayesa kuchita yekha pobuula. Njirayi idafalitsidwa mu 1971 ndi George Gregory ndi anzake a ku San Francisco. Mu 1980 Tetsuro Fujiwara wa ku Japan adasonyeza kuti madzi oterera aja angathe kuthiridwa m'mapapo a mwana ngati mankhwala, koma mankhwalawa ndi okwera mtengo ndipo amafuna akatswiri.

Pa nkhani ya CPAP dziko la Malawi lili ndi mbiri yake. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mogwirizana ndi akatswiri a pa yunivesite ya Rice ku America, adakonza makina otsika mtengo amene adapatsidwa dzina lakuti Pumani. Oyambirira ake adapangidwa ndi timapampu totumiza mpweya m'magalasi owetera nsomba. Zotsatira za kafukufuku wa pa chipatalachi, zimene zidasindikizidwa mu 2014, zidasonyeza kuti mwa makanda obanika kwambiri amene adathandizidwa ndi makinawa, 71 pa 100 alionse adapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa amene adalandira okosijeni yekha. Pa chipatala chomwechi padakonzedwanso njira yaifupi, yotchedwa TRY, yothandiza namwino kusankha mwana woyenera makinawa pofunsa mafunso atatu: kodi thupi la mwana lili ndi mphamvu, kodi akubanika, ndipo kodi mtima ukugunda koposa ka 100 pa mphindi? Kumene makina ndi ochepa kuposa ana owafuna, kuyeza bwino ndiko kumathandiza kuti makinawo afike kwa mwana woyenera pa nthawi yoyenera.

Gawo la makolo ndi achibale

Kuwerengera manambala ndi ntchito ya achipatala. Mayi, bambo, agogo ndi anamkungwi safunika kuphatikiza 1 ndi 2, koma zizindikirozo angathe kuziona ndi maso awo. Khanda likamapuma mothamanga, chifuwa chikamalowa kwambiri, mphuno zikamatambasuka, likamabuula, lilime likasintha mtundu, likaleka kupuma, likalefuka, likazizira kapena likakana bere, chizindikiro chimodzi chokha n'chokwanira kuti ulendo wa ku chipatala uyambike, usana kapena usiku. Mwambo wakuti mwana asatuluke m'chikuta mchombo usanagwe suyenera kuchedwetsa ulendowu. Kum'mwetsa mankhwala azitsamba, madzi kapena phala kungam'tsamwitse, ndipo utsi wa moto wa m'nyumba umawonjezera kubanika.

Pa ulendo mwana ayenera kufundidwa, chifukwa kuzizira kumadya okosijeni ndi shuga wa m'thupi mwake. William Silverman yemwe uja adasonyeza mu 1958 kuti makanda osakwana masiku osungidwa motentha amapulumuka ambiri kuposa osungidwa mozizirirapo. Njira yabwino ndi ya kangaroo, imene idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978: mwana wovala thewera ndi chipewa amaikidwa choimirira pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, n'kumangidwa ndi chitenje, mutu utatembenukira kumbali ndipo khosi lisanapindike, nkhope ili poonekera. Mayi akadwala, bambo kapena agogo angathe kum'nyamula chomwecho. Kafukufuku wa m'maiko asanu, Malawi ali m'gulumo, amene adasindikizidwa mu 2021, adapeza kuti kuyamba njirayi mwana atangobadwa kumachepetsa imfa za makanda ochepa thupi kwambiri, ndipo mu 2022 bungwe la WHO lidalangiza kuti iziyambika nthawi yomweyo kwa ana onse otere, kupatula amene akulephereratu kupuma paokha kapena adwalitsa.

Chithandizo china chimayamba mwana asanabadwe. Mu 1972 Graham Liggins ndi Ross Howie a ku Auckland m'dziko la New Zealand adasonyeza kuti jekeseni yoperekedwa kwa mayi amene ali pafupi kuchira masiku asanakwane imafulumizitsa kukhwima kwa mapapo a mwana. Jekeseniyi imaperekedwa pakati pa masabata 24 ndi 34, pa chipatala chotha kusamalira mayi ndi mwana, ndipo imafuna nthawi kuti igwire ntchito. Motero mayi woyembekezera amene wayamba kumva kupweteka kwa msana ndi m'mimba kobwerezabwereza, kapena amene madzi atuluka kapena akutaya magazi miyezi isanakwane, asadikire kuti kuche. Kuyamba sikelo msanga kumathandizanso kuti masabata a mimba adziwike molondola, pakuti popanda kuwadziwa achipatala amavutika kusankha chithandizo choyenera.

Mayi amene mwana wake wagonekedwa ku chipinda cha makanda ali ndi ufulu wofunsa namwino m'mene mwanayo akupumira lero poyerekeza ndi dzulo. Iye ndiye amakhala pafupi ndi mwana nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ndipo akaona kuti kubuula kwayamba, kapena kuti mwana amene amalimbana wangoti zii mwadzidzidzi, aitane namwino nthawi yomweyo osaopa kuti akuvutitsa anthu.